Galimoto Ili pa Jeke

Foni inalira Felista ali ndi mapini atatu pakamwa, akupinda mpendero wa yunifolomu ya mwana wa eni. Linali Loweruka la mu Januwale, mvula itagwa kuyambira m'mawa, tsopano ikungowaza. Woimbayo anali Benedicta, mkulu wake, amene amakhala pamwamba pa phiri la Zomba kumene mwamuna wake amacheka matabwa. Kumeneko ndi kumene kunali Yvonne, mwana wa Felista wa zaka zinayi. Anamutumiza Lachitatu kuti iye apeze mpata womaliza mayunifolomu sukulu zisanatsegulidwe.

"Felista, usadzidzimuke," anatero Benedicta, ndipo Felista analavula mapini onse pansi. "Mwanayu watentha thupi kuyambira dzulo. Tsopano akuuma, maso akutembenuza. Wachita kawiri."

"Mwamupatsa chiyani, achemwali?"

"Panado. Wasanza."

"Alamu ali kuti?"

"Ali ku Liwonde ndi matabwa. Ndazungulira anyamata onse a njinga zamoto kuno, palibe amene ali ndi dontho la mafuta. Uwauze bambo ake abwere ndi galimoto."

Felista anasuzumira pawindo. Galimoto inalipo, kagalimoto kofiira kochokera ku Joni kamene mwamuna wake Herbert anagula kwa mphunzitsi wina wa ku koleji. Petulo analimonso, chifukwa Herbert anaima pamzere masiku awiri mpaka anamupeza, m'tauni mmene sabata yachitatu inali kutha anthu akuyenda pansi chifukwa cha kusowa kwa mafuta. Koma galimotoyo inali pa jeke, thako lili m'mwamba, ndipo tayala la kumbuyo linali gone m'matope.

"Mberekeni muyambe kutsika," anatero Felista. "Musadzere yachidule, mugwa naye. Tsatani msewu. Tikumana pa damu la Mulunguzi."

Anatuluka osavala nsapato.

Herbert anali kalaliki ku ofesi ya boma, munthu wa manja ofewa koma wokonda kuonerera amakanika. Loweruka lapitalo anasintha yekha mapadi a mabuleki a kutsogolo. Mapadi atsopano amakhala okhuthala, ndiye kuti alowe pamafunika kubweza m'dzenje mwake pisitoni, kachitsulo kozungulira kamene kamawakankhira pa chimbale cha tayala munthu akaponda buleki. Herbert anabwereka kilampu ya akalipentala, anaimanga pang'onopang'ono, ndipo pisitoni ya kutsogolo inalowa ngati chala mu nthochi yakupsa. Sabata yonse anthu a kwawoko ku Chikamveka sanamwe madzi ndi nkhani imeneyi. Lero anali atagwira ya kumbuyo kuyambira eyiti koloko, ndipo nthawi inali itadutsa thu koloko masana.

"Bambo a Yvonne, bwezerani tayala. Mwana wakomoka kuphiri."

Herbert anatukula mutu. Nkhope yake inali mikwingwirima ya girisi yokhayokha. Anamva bwinobwino, koma anafunsabe kuti, "Mwana wanji?"

"Muli ndi angati? Bwezerani tayala."

"Silingabwerere, mayi a Yvonne. Pisitoni yakana kulowa."

"Ikani mapadi akale omwewo. Dzulo mumayendera omwewo."

Herbert anatola mapadi akale aja, opyapyala ngati lezala, nawaika m'malo mwake. Anatenga kalipa, chibwano chachitsulo chimene pisitoniyo imakhalamo, kuti aivundikire pamwamba pa mapadi. Inakakamira m'mphepete. Anaikankha ndi chikhatho, anaimenya ndi chibakera, koma sinatsike.

"Yatuluka kuposa mmene inalili," anatero ndi mawu ang'ono. "Sindikudziwa kuti yatuluka bwanji."

Felista analowa m'nyumba, anatenga paipi yothirira ndiwo ndi chigubu, natsegula pothirira mafuta. Ankati apope petulo, athamange naye kumsewu, wa njinga yamoto aliyense amutenga. Paipi inalowa kotalika ngati dzanja n'kuima. Anaipotoza, anaikankha, anayamwa mpaka chifuwa chinamuwawa. M'kamwa munangobwera fungo.

"Muli kotchinga m'khosi mwake," anatero Herbert. "Anthu anayesa kale pamzere paja."

"Imbirani a Henderson."

A Henderson ndiwo anali makanika wawo. Herbert anaimba katatu, foni yozimitsa. Kenako anakumbuka yekha: munthuyo ndi wa Sabata, Loweruka sagwira sipanala ngakhale foni mpaka dzuwa litalowa. Anaimba kofunsa ambulansi, anamuuza kuti yapita kutali kukatenga mayi woyembekezera, adikire, kapena apeze njira ina.

Apa n'kuti a Chiukepo atafika kale pa mpanda. Anali neba wawo, munthu wa kumpoto wogwira ntchito ku maofesi a zamalo, wamkulu thupi ndi mawu omwe. Galimoto yawo inali pamzere ku filing'i, komwetsera mafuta, tsiku lachisanu, thanki ili gwa.

"Injiniya, mwafika pati?" anafunsa akuseka. Ataona nkhope ya Felista kuseka kunathera pakhosi. Atamva nkhani anavula jekete nalipachika pa mpanda. "Vuto ndi manja aukalalikiwa. Bweretsani kuno."

Anamanga kilampu ija pa pisitoni, natenga mpope wachitsulo n'kuuveka pa chogwirira kuti mphamvu ichuluke. Anakoka, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Felista anaima chapafupi akuyang'ana kuphiri. Phiri silinkaoneka. Nkhungu inali italikwirira lonse kuyambira pakati, ndipo mwana wake anali m'kati mwa nkhungu imeneyo, pamsana pa Benedicta. Lachitatu lija pomuveka juzi anamva kuti thupi lafunda. Anadziuza kuti ndi dzuwa, chifukwa panali madiresi khumi ndi anayi osasoka. Anaganiza zongothamanga wapansi, koma kukwera phirilo ndi maola awiri, kutsika ndi mwana enanso awiri, ndipo mwana wouma thupi sadikira maola anayi.

Kunamveka phokoso louma. Kilampu inali itathyoka pakhosi. A Chiukepo anagwa chagada m'matope, mpope uli m'manja.

"Dzimbiri," anatero akudzuka. "Yagwira dzimbiri m'kati. Muli ndi hamala?"

"Mukaiphwanya ndiye tathera pomwepo," anatero Herbert.

"Ndiye imangeni ndi waya chibwanocho, chizilendewera, mubwezere tayala. Matayala atatu akugwira, si okwanira?"

"Ndikangoponda buleki pisitoni ifwamphuka, mafuta onse a mabuleki atayika. Ndiye kuti palibe ngakhale tayala limodzi logwira. Msewu wa kuphiri mukuudziwa, aneba. Kukwera tikwera. Nanga potsika?"

Onse atatu ankaudziwa. Msewu wopapatiza, wokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho loti ukaponya mwala sumva pamene wagwera.

A Chiukepo anapita kwawo nabwera ndi hamala yawo. Herbert anakhala pa tayala lija, manja ali pamutu, akunong'ona kuti ya kutsogolo inalowa, ya kutsogolo inalowa bwinobwino, ngati pali wina amene amamutsutsa.

"Tadikirani," anatero Felista.

"Mayi a Yvonne, izi n'zachitsulo, si nsalu," anatero Herbert.

"Ndamva. Tapatukani."

Anagwada m'matope, natenga kalipa ija m'manja. Inali yolemera kuposa mmene amaganizira, yolendewera pa kapaipi kakuda. Anapukuta pisitoni ndi nsonga ya chitenje. Pansi pa girisi ndi mabala a kilampu, pankhope pa chitsulocho panali timipata tiwiri toyang'anizana, todulidwa bwino, tamakona.

"Ya kutsogolo inali ndi timipata iti?"

Herbert anasuzumira. "Ayi. Inali ngati kapu, yopanda kanthu."

"Ndiye mwakhala mukuichita chimodzimodzi bwanji?"

"Pisitoni ndi pisitoni, mayi."

"Nanga chingwe ichi?" Analoza waya wokhuthala wolowa kuseri kwa kalipa. "Kutsogolo chinaliko?"

"Ndi cha handibuleki chimenecho. Kutsogolo kulibe."

"Handibuleki ili m'mwamba kapena pansi?"

"M'mwamba. Pabwalo pano mpotsetsereka, mukufuna galimoto itigwere?"

Ku Chikamveka kwawoko nyumba zambiri zili pamtsetse, ndipo munthu aliyense wa galimoto dzanja lake limapita lokha pa handibuleki. Herbert anaitsitsa m'mawa kuti achotse kalipa, atachotsa anaikokanso mwachizolowezi. Ataona kuti pisitoni ikukana anaitsitsa, kenako mantha a mtsetse anamugwira, anaikokanso. Anavomera yekha kuti wachita zimenezi mwina kasanu, mwina kakhumi.

"Lowani mukaitsitse, mukokenso kamodzi kokha. Ndikufuna ndione."

A Chiukepo anatsamira kutsogolo kwa galimoto ndi phewa. Herbert analowa. Felista anaika chala pamphepete pa pisitoni. Handibuleki itatsika, sipanachitike kanthu. Itakokedwa, chitsulo chinasuntha pansi pa chala chake, pang'ono zedi, kutulukira kunja.

"Basi. Musakokenso. Ndinu amene mwakhala mukuitulutsa."

Herbert anatuluka m'galimoto ngati munthu amene wauzidwa za maliro.

Felista sanamuyang'ane. Maso ake anali pa timipata tija. Atasiya sukulu mu Sitandade 7 anagwirapo ntchito pa golosale ina kumsika, yogulitsa parafini wa m'migolo. Zitsekero za migoloyo zinali ndi timipata totere. Wantchito watsopano aliyense ankayamba n'kuzimenya ndi mwala kapena kuzikanula ndi chikwanje, mpaka mwini golosale atabweretsa kachitsulo ka mano awiri, kulowetsa m'timipatamo, n'kupotoza ndi dzanja limodzi. Munthu sadula mipata pa chitsulo kuti chikongole. Ndipo chinthu chotuluka pang'onopang'ono osabwerera, ngakhale amuna awiri achikankhe mpaka kuthyola kilampu, ndiye kuti m'kati mwake muli mazinga ngati a bawuti.

"Iyi siyokankha. Ndi yopotoza."

"Mwaiona kuti zimenezo?" anafunsa a Chiukepo.

"Pa mgolo wa parafini. Pezani miyala ikuluikulu, aneba, mutchinge matayala onse atatu. Bambo a Yvonne, ikani giya, handibuleki mutsitse ndipo musaikhudzenso. Ndipatseni pulayazi."

Pulayazi ya Herbert inali ya milomo yokhuthala, sinalowe m'timipata. Anayesa misomali iwiri, inapindika. Anayesa sikuludiraiva ku kampata kamodzi, inaterereka n'kukala chitsulo. Felista anathamangira pakhonde, natenga sizasi yake yaikulu yodulira nsalu, yachitsulo chokhachokha, imene sankalola munthu kudulira ngakhale pepala. Anaikanula pang'ono. Nsonga ziwirizo zinalowa m'timipata ngati anachita kuyeza.

"Gwirani chibwanochi, muchitsamize pa bondo. Chisagwedezeke."

Herbert anakhala pansi m'matope, nakumbatira kalipa ndi manja onse awiri. Felista anaganiza kaye mbali yake. Kulowa ndi kutseka, ndipo botolo limatsekedwa chakumanja. Anagwira sizasi pakati, natsamira ndi thupi lonse, napotoza.

Sipanasunthe kanthu.

Anapumira m'mwamba, nayesanso. Mpeni wa sizasi unali kumulowa m'chikhatho. Anavula duku, nakulunga, nagwiranso. Anapotoza mpaka m'maso munachita nyenyezi. Nsonga imodzi inathyoka n'kuulukira pansi pa galimoto, dzanja linatsetsereka, ndipo duku linayamba kufiira.

"Mwadzicheka," anatero Herbert.

"Gwirani chitsulo, musagwire ine."

"Ndipatseni ine, mphamvu ndili nazo," anatero a Chiukepo.

"Mphamvu zanu taziona, aneba. Zili apo." Analoza kilampu yothyoka ija ndi mlomo.

Nsonga yothyokayo inasiya chibuthu chokhuthala, ndipo chibuthucho chinakhala m'kampata molimba kuposa poyamba. Felista anaika sizasi pa mwala, natenga hamala ya a Chiukepo, nathyola dala nsonga inayo kuti zifanane. Analowetsanso. Anauza a Chiukepo kuti apise sipanala yaitali m'mabowo a zogwirira sizasi, azipotoza pang'onopang'ono iye akamakankha.

"Pang'ono, ndati. Ngati mukutsegula chitseko cha mwana wogona."

Anatsamira ndi chifuwa. A Chiukepo anapotoza. Kunamveka kakulira kakang'ono, kwii, ndipo timipata tija, timene tinali choimirira, tinapendekeka.

Felista anazula sizasi, naibwezera, natsamiranso. Theka la kuzungulira. Theka linanso. Pisitoni inkazungulira, koma kuyang'ana ndi maso inkaoneka ili pomwepo.

"Ikungozungulira chabe," anatero Herbert.

"Ikani chikhadabo apo, pamphepete. Mundiuze."

Anazungulitsa kawiri. Herbert anayang'ana chikhadabo chake. "Yalowa. Pang'ono, koma yalowa."

Foni inalira m'thumba la siketi. Manja onse anali pa sizasi, ndiye anauza Herbert kuti aitulutse ndi dzanja limodzi, aitsegule mawu, aiike pa tayala. Mawu a Benedicta anabwera odukaduka, pamodzi ndi wefuwefu ndi phokoso la madzi.

"Felista, muli pati? Ife tadutsa pa mapaini aja. Mwanayu wasiya kuuma, koma sakuyankha. Ndikumuitana, sakuyankha."

"Akupuma?"

"Dikira." Kunali zii. Felista anasiya kukankha. A Chiukepo anayang'ana kumbali. "Akupuma. Ndikumumva pakhosi panga."

"Mutu mupendeketse kumbali. Musamupatse madzi. Yendani, achemwali, musaime."

"Mwanyamuka?"

Felista anayang'ana tayala lili m'matope, mapadi ali pa nyuzipepala yonyowa, mwamuna wake misozi ikusakanikirana ndi girisi.

"Tanyamuka," anatero.

Kuchokera pamenepo sanawerengenso. Kuzula, kubwezera, kutsamira, kupotoza. Mvula inayambiranso, madzi ankatsika m'khosi mwake n'kulowa kumsana. Kalabala kakuda kozungulira pisitoni kanayamba kupotoka nako, Herbert anakakonza ndi chala kuti kasang'ambike. Mapewa anayaka moto. Magazi ankaterereka pa chitsulo, ankangopukuta pa siketi. Kenako sizasi inakana kuzungulira, ndipo nkhope ya pisitoni inali itafanana ndi khoma la dzenje lake.

Herbert anaika mapadi atsopano. Anavundikira kalipa. Inatsika mpaka pakati n'kuima.

"Ayi," anatero Herbert. "Ayi, ayi."

Felista anamulanda, naizula, nayang'ana kuseri kwa padi la m'kati. Panali kachiphuphu kachitsulo, kakang'ono ngati njere ya mapira. Anayang'ana timipata ta pisitoni, tinali chopendekeka.

"Aka kamalowa umu. Sizikuyang'anizana."

Anabweza pisitoni pang'ono ndi sizasi mpaka kampata kanaloza pamalo pake. Kalipa inatsika yokha, n'kukhala phee.

Mabawuti awiri, Herbert. Tayala, a Chiukepo, amene analinyamula ngati mbale. Manati, onse awiri akulimbirana sipanala. Jeke inatsika. Felista analowa m'nyumba, anatenga bulangete, buku la kuchipatala la mwana ndi nsapato m'manja, natuluka osakhoma chitseko.

"Nyumba ndiyang'anira ine," anatero a Chiukepo akuchotsa miyala. "Pitani."

Herbert analiza injini, naponda kilachi. Galimoto inayamba kutsetsereka kulunjika pageti, pamene kutsidya kwa kamsewu kuli ngalande yakuya ya madzi a mvula. Anaponda buleki. Phazi linapita mpaka pansi ngati waponda m'phala.

"Mulibe kanthu," anatero. "Mayi a Yvonne, mulibe buleki."

Geti linadutsa. Herbert anali atauma, phazi lili pansi pomwepo, maso ali pa ngalande.

"Tukulani phazi mupondenso."

"Mulibe."

"Pisitoni ili kutali, taibweza tokha. Pondani ngati mjigo. Pondaninso."

Anatukula, naponda. Phala. Anapondanso. Kachitatu chopondera chinalimba pakati. Kachinayi galimoto inagwedezeka n'kuima, Felista anagunda mphumi pa galasi. Matayala a kutsogolo anali pa udzu wa m'mphepete mwa ngalande, madzi ofiira akuthamanga pansi pa mphuno ya galimoto.

Herbert anatsamira pa chiwongolero. Anayamba kulira.

"Pondaninso katatu tili chiimire," anatero Felista. Herbert anaponda. "Yalimba?"

"Yalimba."

"Ndiye bwererani m'mbuyo tizipita. Mudzalira mawa."

Anadutsa m'tauni, nakhotera kumsewu wa kuphiri. Nyumba zakale za boma zinatsalira m'munsi, mitengo inayandikira, ndipo posakhalitsa analowa mu nkhungu. Herbert anayatsa magetsi masana. Anthu onyamula matabwa pamutu ankatulukira mwadzidzidzi ngati mizukwa n'kupatukira kuthanthwe. Felista anatsitsa galasi, mutu uli kunja, akuyang'ana munthu aliyense wobereka. Pa khona lililonse ankati mwina apa. Foni inalibenso netiweki.

Anawapeza asanafike pa damu. Benedicta anali atakhala pa mwala m'mphepete mwa msewu, wopanda nsapato, chitenje chikudontha, mwana atamuika pamiyendo n'kumuphimba ndi pepala lapulasitiki. Felista anatsika galimoto isanaime.

Yvonne anali wotentha ngati mbaula ngakhale ananyowa. Mutu unkagwera kumbuyo, milomo yotuwa, maso otseka mosamaliza. Felista anamuitana dzina kamodzi. Sanabwerezenso. Anamuvula juzi yonyowa, namukulunga m'bulangete, nalowa naye kumpando wa kumbuyo. Benedicta analowa mbali inayo, miyendo ikukana kupinda.

"Unati mwanyamuka," anatero Benedicta.

"Ndinanama. Tsekani chitseko."

Herbert anatembenuza galimoto pa kabwalo ka miyala. Atayang'ana msewu wotsika, anaima.

"Mbali imodzi yokha ndi imene ili ndi mapadi atsopano," anatero. "Inayo ikadali yakale. Sindinaiyese pa mtsetse."

"Muiyesa pano. Giya yachiwiri, musachotse."

Anatsika. Injini inkalira mokwiya ikuletsa galimoto. Pa khona loyamba Herbert anaponda buleki, thako la galimoto linakokera pang'ono kumbali, koma inagwira. Pa lachiwiri inagwiranso. Fungo la chinthu chopserera linalowa m'galimoto. Benedicta anayamba Tikuoneni Maria, Herbert, amene ndi wa CCAP, ankangoti ameni paliponse pamene mpweya wamulola. Felista sanapemphere ndipo sanayang'ane phompho. Dzanja lake lochekeka linali pa chifuwa cha mwana, likumva kukwera ndi kutsika kwake. Pena chifuwacho chinkachedwa kukwera, ndiye ankamugwedeza pang'ono mpaka chikwere.

"Fulumirani pang'ono."

"Ndikafulumira zitentha, zisiya kugwira."

"Ndiye musafulumire."

Nkhungu inatha mwadzidzidzi, tauni inaoneka pansi, madenga onyowa. Pa khona lomaliza, lalikulu lija, anakumana ndi lole ikukwera pakati pa msewu. Herbert anaponda ndi mphamvu zonse. Matayala analira, galimoto inaima, lole inadutsa ikukhula masamba a mbali inayo.

M'tauni mzere wa magalimoto odikira mafuta unali utatseka theka la msewu, ndipo minibasi ina inaima chopingasa pofuna kulowerera. Herbert analiza hutala, woyendetsa minibasiyo anangotukula dzanja. Benedicta anatsika wopanda nsapato, anapita pawindo lake, nalankhula mawu ochepa akuloza kumbuyo. Munthuyo anasuzumira, anaona bulangete, nakwera ndi minibasi yake pa msewu wa oyenda pansi.

Kuchipatala Felista sanadikire mzere. Analowa ndi mwana m'manja mpaka pa tebulo la namwino, mayi wamkulu wa magalasi amene anangoyang'ana kamodzi n'kuimirira.

"Wayamba liti?"

"Kutentha dzulo. Kapena Lachitatu. Lachitatu. Wauma kawiri, mwina katatu. Sakuyankha."

Anamugoneka pa kabedi. Namwino anamubaya chala, nadonthetsa magazi pa kachipangizo koyezera malungo, naitana dokotala. Mizere iwiri inatuluka asanamalize n'kulemba dzina. Dokotala anatsegula zikope za mwana, anamutsina pa chikhadabo. Yvonne sanasunthe.

"Malungo aakulu," anatero dokotala. "Shuga watsikanso. Tiyamba pompano. Sindikulonjezani kanthu, mayi, tiona mmene ayankhire."

Namwino anafunafuna mtsempha pa dzanja, sanaupeze. Anayesa dzanja linalo. Anapita kuphazi, analimenyamenya ndi zala, nalowetsa singano. Mwana anali chigonere ngati si thupi lake. Analowetsa madzi a shuga pang'onopang'ono, kenako mankhwala, kenako anapachika diripi. Felista anaima kumiyendo kwa bedi, matope akuuma m'maondo, akuyang'ana madontho. Herbert ndi Benedicta anawatsekera kunja, ankaoneka pa galasi la chitseko.

Panapita nthawi imene Felista sakanatha kuitchula. Namwino anapita kwa ana ena, anabwerako, anapitanso. Kunja mvula inasiya. Atabweranso anapeza phazi latupa pamene panali singano.

"Yatuluka mu mtsempha. Tibayenso kwina."

Anagwira phazi linalo, napukuta, nalowetsa singano yatsopano. Zala za phazilo zinapindika. Bondo linakwera. Pakamwa pa Yvonne panatseguka, poyamba popanda mawu, kenako kunatuluka kulira kosasa, kwaukali, kumene kunadzutsa khanda la pa bedi loyandikana.

"Ehe," anatero namwino osatukula mutu. "Ayambapo amwali. Gwirani miyendoyi, mayi, andithyolera singano. Zolimba, musamumvere chisoni."

Felista anagwira maondo a mwana wake ndi manja onse awiri, nawapanikiza pa bedi. Mwanayo ankamenya mateche, ndipo anali ndi mphamvu.